Diresi Lalifupi la Keti

Kanjedza, Limbe
14 Febuluwale 1983

Okondedwa alamu a Esitere,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Keti ndi onse a ku Malindi. Ife kuno tili bwino, kupatula mayi a kunyumba, a Janeth, amene thupi likumawavuta masiku ena.

Alamu, ndisazungulire. Chaka chino chikukwana chakhumi chimwalirireni mng'ono wanu Elina, mkazi wanga woyamba. Tsiku lija tikuchoka kumanda munabereka Keti kumsana ali ndi zaka ziwiri, ine mutu utaima, osadziwa ngakhale kaphikidwe ka phala la mwana. Zimene mwamuchitira mwanayu sindingathe kuzibweza, ndipo sindiyesa n'komwe.

Koma tsopano zinthu zasintha. Thiransifa imene ndinkapempha zaka zonse ndili ku Karonga inatheka. Kuofesi andikweza pang'ono, andipatsanso nyumba ya zipinda zitatu, ya magetsi ndi mpopi wapakhomo. Chipinda chimodzi chimangokhala chotseka. Sukulu ili pafupi, ndipo ndalankhula kale ndi ahedi kuti amusungire malo mu Sitandade 7 sukulu zikamatsegulira mu Okutobala.

Pempho langa ndi lakuti Keti abwere adzakhale ndi ife. Ndinamuona komaliza ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndine bambo wake, ndipo zimandipweteka ndikaganiza kuti nditakumana naye pamsewu lero mwina ndikhoza kumudutsa.

M'phukusimu muli diresi limene a Janeth asoka okha pa makina awo. Mundiyankhe msanga kuti ndidziwe chowauza ahedi.

Ine mlamu wanu,
Howard


Malindi
5 Malichi 1983

Alamu a Howard,

Moni wa kuno kunyanja. Tadzuka bwino, kaya inu kumeneko? Phukusi lafika, tathokoza. Mayiwo muwapatse moni, muwauze kuti dzanja lawo pa makina ndi labwino.

Mvula yagwa yokwanira. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chamasula, mpunga wa kudambo nawonso ukulonjeza. Denga la tchalitchi linadontha pa Misa mpaka abambo wansembe anasuntha guwa, koma amuna akonza. Agogo aja ankakugulitsani nthochi muli kuno anatisiya mu Januwale. Keti ali bwino, anakhala nambala 3 mayeso apitawa.

Tamva za nyumba ya magetsi, tikukondwera nanu. Ife kuno ndife okhutira ndi zimene Mulungu anatipatsa. Nyali yathu ya palafini imaunikira bwinobwino, ndipo mwana amawerenga osadandaula.

Zina zija munalemba si za munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Mudzamva kwa eni ake.

Ine mlamu wanu,
Esitere


Malindi
6 Malichi 1983

Achimwene a Petulo,

Moni. Ife tadzuka, kaya inu ndi alamu ndi ana ku Nkhudziko? Ndamva kuti usipa wakukanani chaka chino. Musadandaule, nafenso mathandala athu oyanikapo nsomba akungoyanika dzuwa.

Ndalemba chifukwa kwagwa nkhani, ndipo mwini mbumba ndinu. A Howard atulukira. Zaka zisanu ndi chimodzi ali zii ku Karonga, kakalata kamodzi pa Khirisimasi, lero akumbukira kuti ali ndi mwana. Akufuna Keti apite ku Limbe. Akuti kuli nyumba ya magetsi. Kaya mwana amadya magetsi, ine sindidziwa.

Atumizanso diresi. Achimwene, mukanaliona mukanaseka mpaka kugwa m'bwato. Nsalu ndi yabwino, yabuluu, kasokedwe kakenso sindinganame, n'kaukatswiri. M'thupi likhoza kumukwana poti Keti ndi wowonda ngati Elina, koma kutalika kwake lathera pamwamba pa mawondo. Mtsikana wa msinkhu uwu atavala chonchi kupita kuboma angamubweze pamlatho wolowera kubomako, poti madiresi aafupi ndi oletsedwa. Bambo wosadziwa pamene pafika mutu wa mwana wake, ameneyo ndiye akuti amulera?

Tsono imvani chimene chili kuseri. Che Awa, anzanga aja timayanika nawo nsomba, anapita ndi utaka kumsika wa Limbe mwezi watha. Anakumana ndi a Howard ali ndi mkazi wawo, ndipo akuti mayiwo ndi oyembekezera, sizobisikanso. Mwaona? Sakufuna mwana, akufuna mlezi. Akufuna Keti wanga azikachapa matewera anzake ali m'kalasi. Tawaona angati atsikana a kuno amene anatengedwa ndi mawu a sukulu, n'kubwera patapita zaka zitatu atangophunzira kukolopa?

Inu mukudziwa mmene ndinalili mwanayu asanabwere m'nyumba mwanga. Amuna anga a Ambrose atandisiya n'kukakwatira wobereka ku Chowe, ndinkapita kudoko anthu asanachuluke, kuthawa maso. Dzina langa linali "wosabala uja". Mulungu anandipukuta misozi ndi mwana ameneyu. Lero mudzi wonse umati Amake Keti, ngakhale abambo wansembe amatero. Ndakhala ndikuimirira pakati pa amayi anzanga kutchalitchi n'kumachitira umboni kuti ine ndine wokhutira, Mulungu anandikwanira, sindisirira cha munthu. Ndiye wina angobwera ndi envulopu n'kundilanda?

Mwanayo sindinamuuze kanthu. Diresi ndi kalata ndaziika pansi pa sutikesi. A Howard ndawayankha za mvula ndi mpunga basi. Alembereni ndinu, mwamuna mnzawo, muwakumbutse mwambo wa kuno, poti kukhalitsa m'maofesi kumaiwalitsa.

Mlongo wanu,
Esitere


Nkhudzi
27 Malichi 1983

Alamu a Howard,

Moni. Ife tili moyo. Ine si munthu wa cholembera, manja anga anazolowera nkhafi, choncho mukhululuke ngati mawu ena akugundani.

Zimene munalembera mlongo wanga zandipeza. Munalakwitsa khomo, alamu. Nkhani ya mwana wa mlongo wanga imayambira kwa ine mwini mbumba, amjomba ake a Keti, amene ena amati amalume.

Ndikudziwa kuti kwanu ku Chikwawa mwana ndi wa bambo. Koma inu simunakwatire ku Chikwawa. Munabwera ku Malindi muli kalaliki wachinyamata wa njinga yatsopano, munafunsira mbeta, ankhoswe anakhala pansi, munamanga nyumba pamalo a amayi athu. Simunalowole, ndipo ife sitinakupempheni kutero. Kuno mwana ndi wa kuchikazi. Elina atapita, amayi a Keti ndi Esitere, osati mongoyerekeza ayi, amayi enieni. Inu ndinu bambo ndipo tikukulemekezani. Khomo ndi lotsekula. Bwerani mudzamuone, mugone sabata yathunthu, tikuphereni chambo. Koma zomunyamula ayi.

Tamvanso kuti kunyumba kwanu kukubwera mlendo. Tiyamika Mulungu. Ngati mukufuna wothandiza mayi, atsikana ofuna ntchito ndi ambiri ku Limbe konko. Wathuyu ali pasukulu.

Nkhani yathera pamenepa.

Ine,
Petulo


Malindi
19 Juni 1983

Achimwene,

Moni. Mphepo ya mwera yafika ndi ukali wake, mabwato ali pamtunda masiku anayi tsopano. Tili bwino, chimfine chokha. Alamu ndi ana muwapatse moni.

Kalata yanu inagwira ntchito. Chichokereni Malichi ku Limbe kuli zii, ngakhale moni weniweniyu. Tapambana, achimwene. Ndimayesa ndizivina, koma mtima wanga suli m'malo. Ndikamadutsa pa positi ofesi ndimayang'ana kumbali. Keti akachedwa pang'ono kusukulu ndimakaima pamsewu ngati wina wamuba. Sabata yatha ndinamukalipira chifukwa choseka ndi alendo a galimoto amene amangofunsa njira ya kuchipatala. Mwana analira, nanenso ndinadzidabwa.

Ndiye Lachitatu zinaululika. Ndimapita kuboma, ndipo mukudziwa kuti wopanda khadi la chipani ulendo sayenda nawo bwino. Ndinamutuma Keti kuti akanditengere khadi langa mu sutikesi, nditaiwaliratu zimene ndinabisamo. Nditaona kuti akuchedwa ndinalowa. Ndinamupeza ataima pakati pa nyumba, diresi lija atalivala, mawondo ali pamtunda, kalata ya bambo ake ili m'manja.

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangofunsa kuti, "Amayi, kani bambo anga amandifuna?"

Ndinati, "Akufuna wantchito, osati iwe."

Anati, "Koma apa sanalembe choncho."

Ndinati, "Zapapepala ndi zina, zamumtima ndi zina. Vula msanga, ukuoneka ngati chidole."

Anavula. Analipinda bwino kuposa mmene ndinapindira ine, n'kulibwezera pamalo pake, n'kundipatsa khadi langa ndi manja awiri. Kuyambira tsiku limenelo ntchito zonse akugwira, akuyankha mwaulemu, koma kuimba kuja ankaimba potsuka mbale kunatha. Nyumba ili ndi anthu awiri koma ili ngati mulibe munthu.

Ndinawafotokozera Che Awa tikutembenuza usipa pathandala. Mukudziwa pakamwa pawo. Anati, "Amake Keti, inu Akhristu mumaimba Lamulungu lililonse kuti zonse n'za Mulungu, timakumvani tili kwathu. Nanga uyu yekha ndiye munamulembetsa dzina lanu?" Ndinawauza kuti asamale za kumzikiti kwawo. Tinaseka, koma mawuwo anandibaya ngati munga wa nsomba ndipo mpaka lero sanazuke.

Musandifunse chimene ndikufuna, chifukwa sindikudziwa. Mwana ndili naye, mwambo uli kumbali yanga, koma tulo ndi chakudya sizikukoma. Muzindipempherera.

Mlongo wanu,
Esitere


Kanjedza, Limbe
24 Julayi 1983

Okondedwa Amake Keti,

Simundidziwa. Ndine Janeth, mkazi wa a Howard. Landirani moni wanga, mumupatsenso Keti ngati muona kuti n'koyenera. Ndalemba ndekha, abambo sakudziwa.

Mwina mwadabwa kuti takhala chete. Sikukwiya ayi. Kalata ya amjomba a Keti inafika ine ndili m'chipatala. Pa 9 Epulo mwana amene ndimayembekezera anabadwa, wamkazi, koma sanalire. Ameneyu ndi wachitatu. Awiri oyamba anapita padera tili ku Karonga. Amayi achikulire anakamuika okha mwakachetechete, monga mwa mwambo, n'kundiuza kuti maliro otere salira. Ndiye ndakhala osalira miyezi itatu. Adokotala anena kuti ndisadzayesenso, ndikadzayesa wopita ndidzakhala ine.

Ndikufuna mudziwe zoona za pempho lija. Amene anayambitsa ndine, osati abambo. Sindinkafuna mlezi, Mulungu ndi mboni. Mumtima ndinkadziwa kuti mwina ulendo unonso sindifika, ndipo ndinkaopa kubwerera m'nyumba yopanda phokoso. Komanso abambo amasunga chithunzi cha Keti m'buku lawo la mapemphero, ali wamng'ono, atanyamula nsomba yaikulu kuposa mkono wake. Amachiyang'ana akamaganiza kuti sindikuwaona. Ndinati mwana ameneyu ali ndi bambo womulira, ine ndili ndi manja opanda chonyamula, bwanji abwere? Diresi lija ndinasoka ndikuyang'ana chithunzi chimenecho, n'kuwonjezerako pang'ono poti wakula. Ndikhulupirira linamukwana.

Amene sindinamuganizire ndi inu. Nditatuluka m'chipatala abambo anandiwerengera kalata ya amjomba, n'kundifotokozera mbiri yanu yonse. Ndinachita manyazi. Ndinkafuna kudzaza nyumba yanga pokhuthula yanu. Tsopano ndikudziwa mmene zimakhalira kulowa pakhomo kumsana kuli mbee, ndipo sindingafunire mkazi mnzanga zimenezi. Pempho lija talibweza. Keti akhale kwa amayi ake. Abambo akuzengereza kukawauza ahedi kuti malo aja apatse wina, koma ndiwakakamiza.

Chimodzi chokha ndikupempha. M'kalata yanu ya Malichi munati ndinu okhutira ndi zimene Mulungu anakupatsani. Ndawerenga mzere umenewo kambirimbiri. Inu munadutsa njira imene ine ndayamba, ndiye ndiphunzitseni. Ndikamapemphera mawu amathera kudenga. Makina anga ndinawavundikira, chifukwa ndikawatsegula ndimangofuna kusoka timalaya ta khanda. Ndikaona mayi wobereka mwana pamsika ndimatembenuka, ndipo ndimadana ndi mtima umene ndili nawowu. Munatani kuti mtima ukhale pansi?

Ine,
Janeth


Malindi
21 Ogasiti 1983

Mng'ono wanga Janeth,

Ndakutchula mng'ono, ndipo ndikuti iwe, chifukwa unalowa pamalo pa Elina, komanso kalata yako yandifika pamene mlendo safika. Moni kwa iwe ndi alamu. Pepa, pepa kwambiri. Amene anakuuza kuti usalire anakuuza mwambo, koma ine ndikuti tseka chitseko ulire. Ine ndakulirira kale kuno kuseri kwa mathandala, mpaka anzanga Che Awa anathamanga poganiza kuti ndalumidwa ndi chinkhanira.

Funso lako landisunga masabata atatu. Tsiku lomwelo ndinatenga pepala kuti ndikulembere mawu okoma aja ndimauza amayi kutchalitchi, koma cholembera chinakana. Ndikanakuphunzitsa chiyani? Chichokereni Febuluwale ndanama, ndabisa kalata ya bambo kwa mwana wake, ndakunenera zoipa usanandilakwire, ndazimitsa nyimbo pakamwa pa Keti. Munthu wokhutira satero. Mzere uja ukuwerenga kambirimbiriwo ndinaulemba ndi mkwiyo, kuti ndiwabaye a Howard. Zaka khumi zonsezi ndimati ndatsamira pa Mulungu, chonsecho ndatsamira pa Keti. Mulungu ndinkamuthokoza ngati mmene umathokozera munthu amene wakutula katundu pakhomo, n'kutseka chitseko iye ali panja.

Lachisanu lina masana ndinatenga tsache ngati ndikukasesa m'tchalitchi. Munalibe munthu. Ndinakhala pa benchi yakumbuyo n'kumuuza Mulungu zonse, ulemu wake wochepa. Ndinati, "Wanga munandimana, mng'ono wanga munatenga, tsopano mukufunanso uyu?" Sindinamve liwu lililonse, ndisakunamize. Koma ndinakumbukira chaka chimene mwamuna wanga anachoka, Keti asanabadwe n'komwe. Ndani ankandidzutsa m'mawa ine nditalakalaka kusadzuka? Ndani ananditumizira Che Awa, Msilamu, kuti andigawire malo pathandala lawo pamene Akhristu anzanga ankandinong'ona? Sindinafe. Amene anandisunga ndilibe mwana ndi yemweyo wandisunga ndili naye. Iye sanasinthe, ndine ndinasiya kumuyang'ana. Potuluka, mantha aja ndinawasiya pa benchi. Chisoni ndiye ndinatuluka nacho, koma chisoni n'chopepuka kusiyana ndi mantha.

Ndiye yankho langa ndi lakuti sindinafike, ndangoyamba kumene. Tiphunzire limodzi. Chimene ndagwira pakali pano ndi ichi: kukhutira si kukhala ndi chimene sungalandidwe, chifukwa chotero pansi pano palibe. Ndi kudziwa amene wakugwira dzanja. Pemphero lako likathera kudenga usasiye, mwini wake ali m'nyumba momwemo.

Ndinamuwerengera Keti kalata yako yonse, ndinamupepesanso, chinthu chimene sindinachitepo kwa mwana. Kenaka ndinamufunsa chimene akufuna. Anati, "Ndikufuna kuwadziwa bambo anga. Koma inu mutsala ndi yani?"

Ndinati, "Iwe unandipeza ndili ndi yani?"

Anaganiza, n'kuti, "Ndi Mulungu."

Ndinati, "Sanasamuke."

Choncho a Howard asapite kwa ahedi. Keti abwera Loweruka pa 24 Seputembala, pa basi ya m'mawa, pamodzi ndi Che Awa amene akubwera ndi nsomba kumsika. Palibe wandilanda. Mwambo uli kumbali yanga, iwenso pempho unabweza. Ndikumupereka ndekha, ndi manja awiri. Holide iliyonse azibwera kuno, izo zokha sitikambirana.

Khutu lake lakumanzere silimva bwino chidwalireni chikuku, ndiye akapanda kuyankha usati ndi mwano, uziima kumanja. Mazira amamutulutsa zidzolo. Akakhala chete kwambiri ndiye kuti wakhumudwa. Usamufunse, umupatse mbale atsuke, ayamba kuimba yekha.

Za diresi, silinamukwane, mng'ono wanga. Unasokera mwana wa pachithunzi. Koma usadandaule, ndaona chochita nalo. Iwe vundukula makinawo. Mwanayu akukula ngati bango ndipo afunika yunifolomu.

Mkulu wako,
Esitere


Nkhudzi
4 Seputembala 1983

Mlongo wanga,

Moni. Ndamva. Unandituma kuti ndiponye khoka, ndakoka mpaka kumtunda, iwe n'kubwezera nsomba m'madzi. A Howard azindiona ngati wamisala.

Mawu anga ngati mwini mbumba sanasinthe. Mwana ndi wathu ndipo adzakhala wathu, tsiku lodzakwatiwa ankhoswe ndife. Koma wamulera ndiwe, ndipo ngati mtima wako wavomera ine sindilimbana ndi Mulungu. Zimene zawagwera anthu aja sindimazidziwa, ndikanadziwa mawu ena sindikanalemba. Ndawalembera kupepesa, mizere itatu, usandifunse zambiri.

Ndikungoopa za iwe. Nyumba ija ukhalamo bwanji wekha? Zikavuta bwera kuno, alamu ako akuti malo alipo.

Ndatumiza chambo chowamba kuti mwana anyamule. Asapite chimanjamanja kwa eni magetsi.

Ine,
Petulo


Kanjedza, Limbe
9 Okutobala 1983

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Tinayenda bwino, kungoti ndinasanza kawiri pokwera mapiri ndipo Che Awa anandiseka njira yonse.

Bambo anatidikira pa siteji ya basi kuyambira m'mawa. Anthu anali ambiri koma sanandidutse. Akuti anandizindikira ndi diresi, chifukwa nsalu ija munalumikiza m'munsi kuti litalike ndi imene iwo anagulira amayi Elina chaka chimene ndinabadwa. Ine sindimadziwa. Anagwada pansi anthu akuona, n'kugwira nsaluyo. Ndinachita manyazi koma sindinasunthe.

Amayi a Janeth anayang'ana msoko wanu n'kunena kuti ndi wokhotakhota, koma akuti sadzausula. Andisokera yunifolomu, anandiyeza ndi tepi kawiri. Ndimawaitana kuti amayi aang'ono. Tsiku lina ndinawapeza atakhala chete kukhitchini, maso ali ofiira. Sindinawafunse. Ndinawapatsa mbale kuti titsuke. Iwo saimba bwino koma akuyesa.

Kusukulu andikhazika kutsogolo chifukwa bambo anawauza za khutu. Nsomba za kuno n'zosakoma. Magetsi ndinkangoyatsa ndi kuzimitsa mpaka bambo anandiletsa.

Amayi, mukudya? Musamadye choimirira. Madzi akukutungirani ndani? Kwatsala masabata khumi kuti titsekere, ndikuwerenga.

Ine mwana wanu,
Keti


Malindi
23 Okutobala 1983

Mwana wanga Keti,

Moni. Ndili bwino, kaya iwe ndi bambo ako ndi amayi ako aang'ono? Kalata yako ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Uwauze amayi ako aang'onowo kuti msoko wokhotawo ndinasoka maso ali ndi misozi, asandiseke. Adzabwere nawe pa Khirisimasi adzandiphunzitse wowongoka.

Wafunsa ngati ndikudya. Sindikunamizanso, ndinasiya. Sabata yoyamba ndinkatulutsa mbale ziwiri n'kubweza imodzi, ndipo nyumba inakula ngati tchalitchi. Tsopano ndikudya, nditakhala pansi. Madzi ndimatunga ndekha, sindinakalambe mmene ukuganiziramo. Amjomba ako akuti ndisamukire ku Nkhudzi, ndawakana. Ndimadzuka, ndimathokoza, ndimapita kudoko nthawi imene anthu achuluka. Usipa wabwerera, mathandala adzaza. Ndimakusowa tsiku lililonse, koma kukusowako sikundiopsa. Manja amene akusunga kumeneko ndi omwewo andisunga kuno.

Dzulo Che Awa anaima pampanda n'kuitana kuti, "Amake Keti!" Kenaka anagwira pakamwa, poganiza kuti andipweteka. Ndinati, "Itananinso, mokweza." Anaitananso, ndipo ndinavomera.

Tsono iwe, leka kuwerenga masabata, uziwerenga mabuku. Koma pali ntchito imodzi. Uimirire mowongoka, bambo ako akuyeze ndi ulusi kuchokera paphewa mpaka kutsika bondo. Akuyeze iwowo, osati wina. Ulusiwo uuike mu envulopu unditumizire. Nsalu ya Elina yatsalako, ndipo pofika Khirisimasi udzakhala utatalikanso.

Ine mayi ako,
Esitere